Mutu wa Fulu ndi Anansi Ake: Kusankha Zomera za Pamalo Achinyezi ndi Amthunzi

Kum'mawa kwa North America, kuyambira ku Newfoundland m'dziko la Canada kutsika mpaka ku Georgia m'dziko la United States, m'mphepete mwa timitsinje ndi m'madambo a m'nkhalango mumamera chomera chimene anthu a kumeneko amachitcha turtlehead, ndiko kunena kuti mutu wa fulu. Duwa lake ndi loyera, nthawi zina lofiirira pang'ono kumlomo, ndipo munthu akaliyang'ana cham'mbali amaona ngati fulu amene watulutsa mutu m'chigoba, kukamwa kuli yasa pang'ono. Carl Linnaeus anachilemba m'buku lake la zomera m'chaka cha 1753 ndi dzina lakuti Chelone glabra; liwu lakuti chelone m'Chigiriki ndiye fulu. Chomerachi chimatalika masentimita 60 mpaka 120. Masamba ake ali ndi mano ngati sowo ndipo amamera awiriawiri moyang'anizana. Chikafota nthawi yozizira sichinafe ayi, pakuti tsinde lake la pansi pa nthaka limaphukanso chaka chotsatira. Chimachita maluwa mochedwa, kuyambira mu Ogasiti kufikira mu Okutobala, pamene maluwa ena ambiri a kumeneko atha kale.

Wina afunsa kuti ife alimi a chimanga ndi nsawa tili nacho chiyani chomera cha kutsidya kwa nyanja. Zifukwa zilipo ziwiri. Ena mwa inu amene munaphunzira pano tsopano muli ndi nazale za maluwa, ndipo makasitomala amakusonyezani zithunzi za pa Facebook nafunsa ngati mungawapezere duwa lakutilakuti. Nkwabwino kuti mudziwe choyankha. Chifukwa chachikulu ndi china. Pafupifupi dimba lililonse lili ndi ngodya imodzi yovuta, ya madzi ambiri ndi dzuwa lochepa, pansi pa mitengo ya kumtsinje, pamene tomato amangodwala ndipo anyezi amawola. Mlimi amaisiya ngodyayo kapena amadula mitengo, ndipo kudula mitengo ya kumtsinje ndiko kumene kwaumitsa zitsime m'midzi yambiri. Alimi a maluwa a ku America alimbana nayo ngodya yotereyi zaka zambiri, ndipo m'mene amasankhira anansi a mutu wa fulu muli nzeru imene tingaigwiritse ntchito popanda kuitanitsa ngakhale njere imodzi.

Njuchi yotsegula chitseko

Duwa la mutu wa fulu ndi lotsekeka. Milomo yake iwiri imakumana, kotero kuti tizilombo tochepa mphamvu timangozungulira kunja. Amene amalowa ndi njuchi zikuluzikulu zaubweya zotchedwa bumblebee. Njuchiyo imatera pamlomo wa m'munsi, nikankha ndi mutu, nilowa yonse m'katimo, ndipo woonerera amangoona duwa likugwedezeka ngati fulu akutafuna. Potuluka, msana wake umakhala utadzaza mungu umene ikausiye m'duwa lina. Popanda njuchi imeneyi chomeracho sichibala njere zambiri.

Apa ndi pamene nkhani ya anansi ikuyambira, ngakhale kuti ambiri amaiyambira pa kukongola kwa mitundu. Banja la bumblebee limakhala chaka chimodzi chokha. Chisanu chikafika, zonse zimafa kupatula zazikazi zatsopano zimene zimabisala m'nthaka. Cha mu Epulo yaikaziyo imadzuka yokha, yanjala, ndipo iyenera kupeza maluwa msanga kuti imange chisa ndi kulera ana oyamba. Ikasowa chakudya mu Epulo, mu Seputembala simudzakhala antchito otsegula maluwa a mutu wa fulu. Chotero mnansi woyamba wa chomerachi ndi uja amene maluwa ake sakumana nacho n'komwe. Virginia bluebells, chomera cha maluwa obiriwira ngati thambo, chimaphuka mitengo isanavale masamba, chimadyetsa njuchizo, kenaka pofika mu Juni chimafota n'kusowa pamwamba pa nthaka. Marsh marigold, wa maluwa achikasu, amachita chimodzimodzi pamatope enieni. Pamene iwo akufota, mutu wa fulu ukukula ndi kuphimba malo amene asiya. Nthaka ndi imodzi, koma akuigwiritsa ntchito mosinthana. Inu amene mwalima chimanga pansi pa msangu simudabwa nazo, pakuti msangu umayoyola masamba mvula ikayamba, nthawi imene chimanga chikufuna dzuwa, n'kuvalanso m'chilimwe m'munda mulibe kanthu.

Gulugufe wa ku Maryland

Chimene chatchukitsa mutu wa fulu kuposa zonse ndi gulugufe wotchedwa Baltimore checkerspot, wakuda wa madontho oyera ndi ofiirira ngati lalanje. Dzinalo linachokera ku mitundu ya chizindikiro cha banja la Lord Baltimore, ndipo chigawo cha Maryland chinamusankha m'chaka cha 1973 kukhala kachilombo koimira chigawocho. Lero m'chigawo chomwecho iye wachepa kwambiri ndipo amapezeka m'malo owerengeka.

Moyo wake tiutsate bwino, chifukwa ndi umene ukulamula zoyenera kubzala. Cha mu Juni ndi Julaye wamkazi amaikira mazira mazanamazana pamalo amodzi kunsi kwa tsamba la mutu wa fulu. Mbozi zikaswa zimaluka ukonde umodzi ngati wa kangaude kunsonga kwa chomeracho, n'kumadyera pamodzi m'menemo. Masamba amenewa ndi owawa, chifukwa ali ndi mankhwala a m'gulu la iridoid glycosides, makamaka otchedwa catalpol. Mbozizo zimasunga mankhwalawo m'thupi mwawo mpaka zitasanduka agulugufe, ndipo mbalame imene yalawa mmodzi siibwerezanso. Katswiri wina wa tizilombo, Deane Bowers, anasonyeza zimenezi podyetsa agulugufewa kwa mbalame zotchedwa blue jay, zimene zinasanza n'kuyamba kuwapewa. Kumapeto kwa nyengo yotentha mbozi zimaleka kudya zisanakhwime, ndipo nyengo yonse yozizira zimagona m'masamba ouma amene agwa pansi. Chisanu chikatha zimadzuka ndi njala yaikulu, pamene mutu wa fulu wangotulutsa kumene timphukira. Zimatha timphukirato m'masiku ochepa, kenaka zimayenda pansi kukafuna zomera zina zokhala ndi mankhwala a mtundu womwewo: penstemon, mphukira za mtengo wa ash, chitsamba cha arrowwood, ndiponso udzu wa masamba aatali wotchedwa Plantago lanceolata umene unachokera ku Ulaya. M'madera ena a kumpoto chakum'mawa kwa United States agulugufewa afika poikira mazira pa udzu wobwerawu.

Kuchokera pamenepa mlimi wofuna gulugufeyu amaphunzira zinthu zimene sangazione pa chithunzi. Mapesi awiri kapena atatu a mutu wa fulu sakwanira. Ukonde umodzi wa mbozi ungawamalize, chotero amabzala chigulu chachikulu, motalikirana masentimita 45 mpaka 60. Penstemon ayenera kukhala pafupi, pamtunda woti mbozi n'kufikapo chokwawa, koma popeza iye sakonda matope ndipo amafuna dzuwa lochulukirapo, malo ake ndi m'mphepete mokwera, pamene chinyezi chayamba kuchepa. Kutsina nsonga za mutu wa fulu, kumene alimi amachita kuti usatalike n'kugwa ukakhala pamthunzi wambiri, kuyenera kuchitika mu Meyi; wotsina mochedwa amataya mazira pamodzi ndi nsongazo. Ndipo munthu waukhondo wa maso, uja amene amasesa masamba onse ouma n'kuwatentha kuti munda uoneke bwino, amatentha m'badwo wonse wa chaka chimenecho, pakuti gulugufeyu amaswana kamodzi kokha pachaka. Ife timaona kuti mwa zonse zimene alimi a kumeneko amalangizana, ili ndilo langizo lovuta kulitsata, chifukwa limafuna kuti munthu aleke ntchito imene manja ake anazolowera. Nafenso takhala tikunena zaka zambiri za kusatentha mapesi, koma Ogasiti aliyense utsi umakwerabe.

Pali chinanso chimene ofufuza anapeza. Catalpol yemweyo amapezekanso m'timadzi totsekemera ta m'duwa, ndipo kafukufuku amene anafalitsidwa m'chaka cha 2015 anasonyeza kuti amachepetsa kachilombo ka m'matumbo mwa bumblebee kotchedwa Crithidia bombi. Anthu akale a kumeneko ankaphika masamba a chomerachi ngati mankhwala owawa a m'mimba. Tikutchula zimenezi monga mbiri chabe, osati monga langizo la chipatala.

Madzi choyamba, mthunzi pambuyo

Amene amalephera ndi mutu wa fulu kawirikawiri amakhala atamva liwu lakuti mthunzi n'kuiwala liwu lakuti chinyezi. Chomerachi chimapirira dzuwa la tsiku lonse ngati mizu yake ili ponyowa, koma sichipirira mthunzi wouma. Nthaka ikauma, masamba amapsa m'mphepete ndipo amagwidwa ndi chuku choyera ngati ufa. Ukaikidwa pansi pa mtengo wa mizu yoyanga pamwamba, monga mitundu ina ya maple, mtengowo umamwa madzi onse ndipo mthunzi wake sukhalanso phindu. Chimafuna nthaka yakuda, ya manyowa a masamba owola, yonyowa nthawi zonse. Motero funso loyamba pa mnansi aliyense ndi lakuti kodi mizu yake imafuna madzi ofanana ndi amenewa, pa miyezi yofanana. Za kukongola zibwere pambuyo.

Wopambana pa mayeso amenewa ndi cardinal flower, wa maluwa ofiira piriwiri, amene amamera pamodzi ndi mutu wa fulu m'mphepete mwa mitsinje ngakhale popanda wobzala. Maluwa ake amatumikiridwa ndi kambalame kotchedwa hummingbird, chotero salimbirana njuchi ndi mnansi wake. Koma ali ndi chofooka chimene chiyenera kudziwika. Sakhala zaka zambiri, ndipo nyengo yozizira amaipyola ngati kachisa ka masamba obiriwira ogona pansi penipeni. Kachisako kakakwiriridwa ndi masamba ouma ochuluka kamawola. Taonani tsono vuto lake: mbozi za gulugufe zikufuna masamba ouma, cardinal flower sakuwafuna pamutu pake, ndipo onse ali pabedi limodzi. Mlimi wosamala amasiya masambawo patsinde la mutu wa fulu, koma amawakankha ndi dzanja kuwachotsa pa tizisa ta mnzakeyo, ndipo amasiyanso kadanga ka matope oonekera kuti njere zake zazing'ono ngati fumbi zigwerepo n'kumera. Palibe lamulo limodzi la bedi lonse. Mbale wake, great blue lobelia, ndi wolimbirapo ndipo amaitana bumblebee zomwezo. Chimodzimodzi bottle gentian, amene duwa lake silitseguka n'komwe, kotero kuti njuchi yokhayo yamphamvu ndiyo imalowamo.

Pansi pa zonsezi alimi amakonda kuika zomera za fern, zija zopanda maluwa za masamba ngati nthenga, zoberekana ndi fumbi m'malo mwa njere. Ntchito yake ndi kuphimba nthaka kuti isaume, ndi kubisa miyendo ya mutu wa fulu imene imayoyoka masamba cham'munsi. Koma si zonse zili ndi khalidwe limodzi. Cinnamon fern ndi royal fern amakula ngati chitsa pamalo amodzi ndipo amadziwa malire. Ostrich fern amatumiza misinde pansi pa nthaka mbali zonse, ndipo ponyowa pa chonde amalanda bedi m'zaka zochepa. Ndi mbadwa ya komweko, koma pa bedi laling'ono ndi mnansi woipa. Ubadwa pawokha si chikalata cha khalidwe labwino. Za royal fern tingawonjezere kuti si mlendo kwa ife, pakuti Osmunda regalis amapezekanso m'mphepete mwa mitsinje ina ya muno m'Zambia. Udzu wa m'dambo wotchedwa tussock sedge nawo umathandiza: mizu yake imagwira matope, ndipo mapesi a mutu wa fulu amatsamira pa zitsa zake mphepo ikawomba.

Pali kachomera kena ka chaka chimodzi, jewelweed, kamene kamadzibzala kokha paliponse ponyowa. Dzina lake la sayansi ndi Impatiens capensis, ngati kuti ndi ka ku Cape ku South Africa, koma amene anakatcha dzinalo analakwitsa kwawo kwake. Ndi ka ku America. Kamazulika mosavuta, chotero alimi amangokapatulira.

Zazitali, monga Joe-Pye weed amene amapyola mamita 2, zimafuna dzuwa lochuluka ndipo zimaikidwa kumbuyo. Mabuku a kumeneko amati zazitali ziikidwe kumpoto kwa bedi. Musatengere langizo limeneli osaliganizira. Ku America dzuwa la masana limakhala chakummwera, mthunzi n'kugwera kumpoto. Kuno kwathu, m'miyezi ya dimba ya Meyi, Juni ndi Julaye, dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo mthunzi umagwera kummwera. Amene abzale nzimbe kapena nthochi kumpoto kwa bedi la repu chifukwa buku latero adzaphimba ndiwo zake nyengo yonse.

Alendo amene sachoka

Pamalo onyowa chomera cholanda chimalanda msanga kuposa pamtunda, chifukwa madzi amanyamula njere ndi zidutswa za mizu kupita nazo kwa anthu a kumunsi. Purple loosestrife anafika ku North America kuchokera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, ndipo anthu anamufalitsa chifukwa cha maluwa ake okongola. Chitsa chimodzi chimabala njere zoposa 1 miliyoni pachaka. Wadzaza madambo ambiri momwe munali mutu wa fulu ndi anzake, kotero kuti kuyambira m'chaka cha 1992 anayamba kumwaza tizikumbu ta ku Ulaya totchedwa Galerucella kuti tizimudya. Lesser celandine ndi wachinyengo kwambiri, pakuti maluwa ake achikasu amafanana ndi a marsh marigold, ndipo munthu angamubzale akuganiza kuti wapeza mbadwa. Pakapita zaka zingapo pansi ponse pamakhala mphasa imodzi yosalola china kumera. Hosta ndi astilbe, zimene zimagulitsidwa kwambiri ngati zomera za pamthunzi, zambiri zinachokera ku Asia. Sizilanda malo, ndipo sitizinena kuti ndi zoipa, koma mbozi ya gulugufe uja ikafika pa tsamba la hosta yafika pa mbale yopanda kanthu.

Mavuto ena sachokera m'manja mwa wobzala. Agwape a kumeneko otchedwa white-tailed deer achuluka kwambiri chifukwa zilombo zimene zinkawadya zinatha, ndipo amadya nsonga za mutu wa fulu pamodzi ndi mazira ndi ukonde wa mbozi. M'malo ena osamalira gulugufeyu amachita kumanga mpanda. Ndiponso kachikumbu kotchedwa emerald ash borer, kamene kanapezeka koyamba kufupi ndi Detroit m'chaka cha 2002, kapha mitengo ya ash mamiliyoni ambiri. Mtengo wa ash ukafa m'dambo, mthunzi umachoka, kayendedwe ka madzi kamasintha, ndipo chimodzi mwa zakudya za mbozi chimachepa. Kachilombo kamodzi kobwera ndi matabwa kasintha anansi a chomera chimene sikachikhudza n'komwe.

Ngodya ya m'dimba mwathu

Kwa kasitomala wofuna mutu wa fulu, yankho lathu ndi lakuti asataye ndalama. Njere zake zimafuna miyezi ya kuzizira konyowa zisanamere, ndipo chomeracho chinazolowera kugona pansi pa chisanu chimene ife tilibe. Bumblebee sapezeka mu Africa ya kummwera kwa Sahara, ndipo gulugufe wake ali kutali. Munthu akhoza kukakamiza tsinde limodzi kukhala ndi moyo mumphika, koma adzakhala ndi mutu wa fulu wopanda chilichonse chimene chinaupatsa ulemu kwawo. Tikumbutsenso kuti kulowetsa mbewu kapena chomera chamoyo m'dziko muno kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma ya Plant Quarantine and Phytosanitary Service. Lamulo limeneli si lovutitsa chabe. Lantana anabwera ngati duwa la mpanda, ndipo lero watseka malo odyetsera ziweto, amadwalitsa ng'ombe, ndipo akulimbana naye ngakhale m'nkhalango ya pa Victoria Falls. Namasupuni, wochokera ku South America, wakhala akutseka madzi a Kafue. Mimosa pigra walanda mahekitala ambiri ku Lochinvar, kumene nyama za lechwe zinkadya. Onsewa analowa mwakachetechete.

Chimene tingatenge ndi kafunsidwe ka mafunso. Pa ngodya ija yonyowa, mbewu imene ili ngati mutu wa fulu wathu ndi koko. Ali m'banja limodzi ndi Jack-in-the-pulpit, chomera china chimene chimamera pafupi ndi mutu wa fulu m'nkhalango za ku America, ndipo onse awiri ali ndi timinga tosaoneka ndi maso timene timayabwa kukhosi. N'chifukwa chake koko, masamba ndi mizu yomwe, amafuna kuphikidwa mpaka atapsa ndithu. Koko wa mtundu wa Colocasia amapirira ngakhale madzi oima, pamene wa mtundu wa Xanthosoma amakonda ponyowa koma posadikha madzi, ndipo amachita bwino pamthunzi. Mlimi ayambe wadziwa amene ali naye. Wa madzi apite pansi penipeni, winayo akwere pang'ono. Nthochi, ngakhale ambiri amaziyesa za m'madzi, zimadwala mizu zikaima m'thawale; malo ake ndi pamtumbira m'mbali, kummwera kwa ndiwo zofuna dzuwa, kumene mthunzi wake ugwere pa koko m'malo mwa repu. Jinja amakonda mthunzi woyoyoka wa nthochi, koma amawola msanga pamatope, chotero akhale pamzere wokwezedwa. Kalembula, tomato ndi anyezi musawakakamize. Ndi ana a dzuwa. Vetiva amagwira bwino gombe ndipo salanda munda, koma pamthunzi wandiweyani amafooka, kotero pansi pa mitengo ndi bwino kusiya udzu ndi mlulu zimene zinamera zokha. Timbewu tonunkhira tili ndi khalidwe la ostrich fern: mukatiika pansi ponyowa mudzatizula mpaka kalekale. Tiikeni m'chidebe.

Za mitengo maganizo athu ndi osabisa. Katope, kanjedza ndi chiwale ndi mbadwa za m'mphepete mwa madzi, mizu yake imagwira gombe, ndipo masamba ake ogwa ndiwo manyowa a ngodyayo. Ngati mthunzi wachuluka, sadzani nthambi za m'munsi kuti dzuwa la m'mawa lilowe, koma thunthu lisiyeni. Bulugama ndi wabwino pa milimo ndi nkhuni, koma pamutu pa dambo kapena pafupi ndi chitsime ndi mnansi waludzu, wobiriwira chaka chonse ndiponso womwa chaka chonse. Malo ake ndi kumtunda.

Nafenso tili ndi chomera cha m'dambo chimene moyo wake uli m'manja mwa anansi osaoneka. Chikanda chimene timagula pamsika chimapangidwa ndi timizu ta maluwa a m'gulu la orchid, a mitundu monga Disa, Satyrium ndi Habenaria, ndipo ambiri a iwo amamera m'madambo ndi m'udzu wonyowa wa kumapiri. Njere zawo ndi fumbi lopanda kamba wa paulendo. Sizimera pokhapokha zitakumana ndi ulusi wa bowa wina wa m'nthaka umene umazidyetsa. Ichi ndi chifukwa chake chikanda sichilimidwa mophweka monga mbatata, ndipo dambo likalimidwa lonse, kapena kukumbidwa chaka ndi chaka osasiyako, chimatha osabwerera. Chachepa kotero kuti amalonda akhala akukachitenga kunja kwa malire, makamaka kumapiri a kummwera kwa Tanzania, kumene boma la dzikolo linakhazikitsa Kitulo National Park m'chaka cha 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa a kumeneko. Amene muli ndi dimba m'mphepete mwa dambo, siyani lamba wa udzu wachilengedwe pakati pa mabedi ndi madzi, wosalimidwa ndi wosatenthedwa. Mudzataya mabedi awiri kapena atatu a repu, ndipo tikudziwa kuti m'chaka cha njala mabedi atatu si chinthu chochepa. Koma lamba ameneyo ndiye amasefa matope, amachedwetsa madzi kuti alowe pansi, ndipo m'menemo mumakhala bemberezi ndi njuchi zina zimene zimatumikira maungu ndi nyemba zanu.

Kwa ophunzira a chaka chino, ntchito imene tidzachite pa ngodya ya kumunsi kwa dimba la sukulu ndi iyi, ndipo akale mungaichitenso kwanu. Musanabzale kanthu, kumbani maenje atatu akuya masentimita 50, limodzi pafupi ndi madzi, lina pakati, lina kumtunda. Lembani m'kope pamene madzi afika m'dzenje lililonse mu Febuluwale, mu Juni ndi mu Okutobala, pakuti malo amene ali thawale mu Febuluwale akhoza kukhala ouma gwa mu Okutobala, ndipo mbewu ya miyezi 8 kapena kuposerapo monga koko iyenera kupyola nyengo zonsezo. Pa tsiku limodzi la mwezi uliwonse mwa itatuyo, khomani zikhomo pamene mthunzi wathera nthawi ya 9 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 3 koloko madzulo. Kenaka yendani m'mphepete mwa mtsinje pamalo amene khasu silinafike, pamodzi ndi agogo a m'mudzimo amene amadziwa maina, ndipo mulembe zimene zamera pamodzi, chiti chili pamatope, chiti chakwera pang'ono, chiti chikuchita maluwa mwezi uti, ndi tizilombo timene tikuterapo. Makope amenewa tidzawafuna pa sabata yoyamba ya Novembala, mvula isanatseke njira ya kudimba.